Amisiri a fulo ku Turffontein: ntchito yolimba, koma fumbi linatikwana

Abale amene mukusandutsa galaja kukhala chipinda cha lendi kuno ku Johannesburg, gulu la amisiri limene linandiikira screed (simenti yosakaniza ndi mchenga yothira pamwamba pa konkire kuti pansi pasalale) ndikulipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Mkulu wawo ndi bambo wa kwathu ku Mangochi, wosalankhulalankhula, ndipo chimene ndawakondera n'choti sathamangira kusakaniza simenti.

Konkire ya m'galajamo inali yakale, yoterera, pakati pali banga lalikulu la oyilo pomwe pankagona galimoto. Screed yothira pamalo otere siigwira. Pakapita miyezi ingapo imayamba kulira ngati ng'oma mukaigogoda, kenako matailosi n'kusweka. Iwowa anayamba ndi kugogoda pansi ponse ndi hamala, kulemba ndi choko paliponse pomveka mphako, n'kugumulapo. Pa oyilo paja sanadalire sopo ayi. Anasema mpaka kupeza konkire yoyera, poti oyilo amalowerera mkati. Kwina konseko anakanda ndi gulayinda mpaka timiyala ta mu konkire tinaonekera, ming'alu anaikulitsa pang'ono n'kuimata, kenako kusesa mobwerezabwereza.

Chinandigwira mtima ndi kuyesa chinyezi. Anamata kachidutswa ka pulasitiki pansi ndi tepi mbali zonse, n'kukasiya usiku wonse. Anandifotokozera kuti magalaja ambiri akale alibe pulasitiki yochindikala, ya 250 micron, imene imayalidwa pansi pa konkire, ndiye madzi a m'nthaka amakwera. M'mawa kunsi kwake kunali kouma. Kukanakhala thukuta, bwenzi titayamba tathana ndi chinyezicho kaye. Ndani wina akanadzivutitsa chonchi pa kachipinda kakuseri?

Madzulo ananyowetsa konkire yonse, m'mawa n'kukolopa madzi onse odikha. Atatero anapanga phala la simenti losakaniza ndi bonding liquid (mankhwala amadzimadzi othandiza simenti kugwira), n'kulikhutiza ndi tsache lolimba, kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, screed n'kumagwera pomwepo phalalo lisanaume. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: phala likauma limasanduka chotchinga m'malo mogwirizitsa. Muyeso wawo unali thumba limodzi la 50 kg pa mawilibala awiri a mchenga wa kumtsinje, madzi ochepa, oti ukafumbata m'manja ugwirane koma osadontha. Mchenga wa pulasitala umene ndinali nawo pabwalo anaukana. Pamalo opyapyala kwambiri sanalole kuti pachepere 25 mm.

Inali July, ndipo nonse mukudziwa chisanu cha m'mawa ndi mphepo youma ya kuno. Ankadikira dzuwa likwere asanathire, ndipo pomaliza anafunditsa pulasitiki n'kundiuza kuti ikhale masiku 7 osavundukula, matailosi adikire milungu ingapo. Lendi inachedwa, inde, koma lero ndikagogoda paliponse pamamveka mwala.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Pogaya konkire sanatseke chitseko cholowera kukhitchini, fumbi linadzaza m'nyumba monse mpaka m'mbale, mayi a kunyumba anatsokomola sabata yathunthu. Tepi ndi pulasitiki anali nazo, sanangoganizako. Anyamata awonso ankagwira gulayinda opanda chotseka pamphuno, ndipo zimenezo zinandipweteka mtima, chifukwa fumbi la konkire limawononga mapapo. Chachiwiri ndi mtengo. Umene tinagwirizana poyamba unali wothira screed basi. Za kusema ndi kubwereka gulayinda zinatulukira ntchito ili mkati. Ndalamayo inali yoyenera, sindikutsutsa, koma munthu wodalira malipiro a pamwezi amafuna kudziwiratu.

Mukawaitana, auzeni abwere adzagogode pansi kaye asanatchule mtengo, ndipo zokonza konkire, bonding liquid ndi kutaya zigumuka zilembedwe pa WhatsApp. Ine ndawauza kale kuti akapeza mpata abwere adzaone khonde.