Olondolera alendo a ku Chembe pa njira yokwera phiri la Nkhunguni

Anyamata olondolera alendo ku Chembe, ku Cape Maclear, njira amaidziwa ndithu, ndipo m'pofunika kuwatenga chifukwa pamwamba pali tinjira ta otola nkhuni tosokeretsa. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo funsani ngati ndalama yolowera mu Lake Malawi National Park ili momwemo. Mikangano yambiri imayambira apa.

Nyamukani 5 koloko m'mawa. Mu Okutobala dzuwa likakwera miyala imatentha moti simungaigwire, pamene pokwera penapake pamafuna manja. Madzi tengani malita atatu aliyense. Musadalire kuti wolondolera anyamula. Masilipasi ayi. Masamba ouma a mombo akagwera pathanthwe amaterera kwambiri potsika, choncho nsapato ikhale ya mano kunsi, ndipo tsikani chammbali. Wolondolera wabwino amakuonetsani chitedze musanachikhudze, komanso amakuuzani kuti mubise nthochi m'chikwama anyani asanazione.

Chodandaulitsa n'chakuti ena amathamanga ngati akuthawa mvula, osayang'ana m'mbuyo, ndipo bandeji ndi ochepa amene amanyamula. Auzeni poyambirira kuti muzipuma pamthunzi, makamaka pamene zilumba za Thumbi ndi Domwe zayamba kuonekera.