Loctite 545 pa mathiredi a haidiroliki: mmene zayendera chiyambire dzinja lija

Mnzanga wa matipa wandifunsa dzana ngati kabotolo ka Loctite 545, mankhwala opaka pa mathiredi (mano omangira zitsulo) kuti oyilo asadonthe, kamene ndinakayamikira nthawi ya mvula ija kakugwirabe, kapena anali matama a chinthu chatsopano. Pano fumbi lafika, backhoe, makina anga okumbira, yakumba maziko ndi ngalande zokwanira, ndiye ndingathe kuyankha.

Pa mathiredi osongoka, aja amanka nathina ukamamanga, ndilibe dandaulo. Pa geji ya presha mpouma. Pa mapulagi mpouma. Pulagi imodzi ndinaimasula mwezi watha ndi sipanala wamba, osafuna moto. Kale tinkakulunga tepi yoyera ya mapulamba, ndipo kachidutswa kake ndinakapezapo mkati mwa valavu, kochepa ngati ulusi koma kokwanira kuimitsa ntchito tsiku lonse. Mankhwalawa alibe zimenezo. Ndi amadzimadzi, a mtundu wa pepo, ndipo amauma pokhapokha atsekeredwa pakati pa zitsulo popanda mpweya. Otsalira kunja umangopukuta. Chachikulu ndi kutsuka oyilo yense pa thiredi, kenako kudikira maola 24 kuti agwire bwinobwino. Kudikirako ndiye kumawawa makina akakhala pa hayala yolipidwa pa ola.

Koma pali malo amodzi amene anandidyetsa mutu. Adaputa ya hafu inchi ya pa buloko ya mavalavu inathyoka, ndinakagula ina m'shopu ina m'tauni. Inalowa, inathina. M'mawa pamakhala pouma. Dzuwa likakwera, oyilo n'kutentha, pankatuluka kamzere konyezimira kuzungulira khosi la adaputayo, fumbi n'kumamatirira mpaka kuchita phala lakuda. Pofika madzulo, dontho, dontho, pansi pa makina. Ndinkayang'ana ndi kachikatoni, chifukwa oyilo wa pa presha amatha kuboola khungu n'kulowa m'thupi, ndipo mnyamata woyendetsa ndinamuletsa kuikapo chala.

Nditabwerera kushopu, mwiniwake anangoti, "Bwana, mwathira ochepa. Onjezerani." Anandigulitsa botolo lachiwiri. Tinamasula, kutsuka, kupaka, kudikira tsiku lathunthu makina ali chiimire, ndipo sabata isanathe kamzere kaja kanabwerera. Masiku amenewo mukanandifunsa ndikanati mankhwalawa ndi kutaya ndalama chabe.

Anandipulumutsa ndi madala ena amene amamanga mahozi ku Kanengo. Anaitenga adaputayo, kuiyang'anitsitsa, kuiyeza ndi kageji ka mano kamene amasunga m'thumba la ovolosi, n'kupukusa mutu. "Achimwene, iyi ndi NPT ya ku America. Bowo lanulo ndi BSP ya ku Britain." Pa hafu inchi mitundu iwiriyi yonse ili ndi mano 14 pa inchi, n'chifukwa chake inalowa ngati yake. Koma mano a NPT ali pa madigiri 60, a BSP pa 55, ndiye sagonerana. Komanso bowo langalo ndi loongoka, silosongoka, ndipo silitsekera pa thiredi ayi. Limatsekera pamwamba, ndi washa ya Dowty, kamphete kachitsulo kokhala ndi labala mkati. Pa makina amene presha yake imapitirira 200 bar, palibe madzi opaka amene angalowe m'malo mwa kampheteko. Madalawo anawonjeza kuti ngakhale pa mitundu ina ya zolumikizira, JIC, yotsekera pa mlomo wopendekera wa madigiri 37, ndi ORFS, yotsekera ndi kamphete ka labala (O-ring), mankhwala sayenera kufikapo. Mwayi wanga unali woti bowo silinang'aluke ndi kumanga kuja. Tinaika adaputa yoyenera ndi washa yake, popanda dontho la mankhwala, ndipo mpaka lero mpouma.

Chondipweteka ndi ndalama. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chigubu cha malita 20 cha oyilo wa haidiroliki wa giredi 68 sichogula mwachibwana, ndipo amene ndinkawonjezera m'thanki nthawi yonseyo anathera m'dothi. Onjezani masiku a hayala amene ndinaluza podikira kuti ziume. Washa imene inathetsa nkhani mtengo wake sufika ngakhale pa lita imodzi ya oyiloyo.

Ndinapita kushopu kuja ndi adaputa yolakwikayo ndi lisiti yake. Mwini shopu anandilozera chikwangwani choti katundu akagulidwa sabwezedwa, pamene pa kauntala pake NPT ndi BSP zili m'chitini chimodzi chosalembedwa kanthu. Munthu wogulitsa zitsulo za haidiroliki ayenera kudziwa kusiyana kwake, osamangolozera kasitomala ku botolo lina.

Mnzangayo ndamuuza kuti agule kabotolo kamodzi ka 50 ml, aone deti yothera, ndipo azipaka pa mathiredi osongoka okha. Pamenepo ndalama yake ibwerera. Popita kogula adaputa anyamule yakaleyo, ndipo wogulitsa akapanda kutulutsa kageji koyezera, mnzangayo atuluke m'shopumo. Ine ndalama ya botolo lachiwiri ija ndikuifunabe, ndipo kumapeto kwa mwezi ndipitanso kukaitchula.