Ndemanga ya blenda ya malita 1.5 patatha miyezi 8 ndikuigwiritsa ntchito

Blenda imeneyi ndinaigula m'mwezi wa October pa sitolo ina ya zipangizo zamagetsi m'tauni muno mwa Chipata, dzuwa litafika poswa mtengo, ana anga akundipempha ndalama ya zakumwa za m'mabotolo tsiku ndi tsiku. Mphamvu yake ndi mawati 400, ili ndi jagi ya pulasitiki ya malita 1.5, mabatani awiri a liwiro, ndiponso kachigayo kakang'ono koperera zinthu zouma. Pulagi yake ndi ya mano atatu, yolowa bwino m'masoketi a m'nyumba zathu. Ndinachita dala kudikira mpaka June ndisanalembe, chifukwa ndinkafuna kuiona pa mango, pa magwafa, pa mapeyala ndi pa malambe, zipatso zimene sizipsa nthawi imodzi.

Pa zipatso zofewa ilibe chifukwa. Nthochi, papaya, mavwende ndi mapeyala zimasalala mphindi imodzi isanakwane, bola muyambe kuthira madzi kapena mkaka mujagi, zipatso zibwere pambuyo. Mukayamba ndi zipatso, mipeni imangozungulira pansi pomwe zapamwamba zili chikhalire. Mango ndi amene anandiphunzitsa kusankha. Ang'onoang'ono aja amene amadzaza misika ya Kapata ndi Saturday Market m'mwezi wa December ndi otsekemera kwambiri, koma ulusi wake umakulunga pa mipeni, ndipo chakumwa chimatuluka ngati mwathiramo thonje. Akuluakulu opanda ulusi wambiri ndiwo oyenera. Magwafa nawo amafuna sefa, pakuti njere zake n'zolimba, blenda imangoziswa pakati n'kuzisiya zikulumika ngati mchenga.

Chakumwa chimene chakhazikika pakhomo pathu si cha m'buku lililonse. Ndimaviika malambe m'madzi ofunda kwa theka la ola, n'kuwafikisa ndi manja mpaka ufa wonse utachoka ku njere, kenako ndimasefa ndi kuthira madziwo mujagi pamodzi ndi nthochi ziwiri zakupsa kwambiri ndi kapu imodzi ya mabisi (mkaka wosasa). Shuga safunika, chifukwa kutsekemera kwa nthochi kumaphimba kuwawasa kwa malambe, amenenso ali ndi vitamini C wambiri. Njere za malambe zisalowe mujagi ngakhale imodzi, pakuti zingathe kugomola mipeni. Ndinaphunziranso mochedwa kuti papaya kapena chinanazi chosakanizidwa ndi mkaka chiyenera kumwedwa nthawi yomweyo, chifukwa zipatso ziwirizi zili ndi timadzi timene timaphwanya mapuloteni a mumkaka, ndipo chakumwa chikakhala maola angapo chimayamba kuwawa. Tsiku limene ndinasungira bambo a kunyumba kapu yawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anangolawa kamodzi n'kuikankhira pambali mwaulemu.

Zofooka zake zilipo, ndipo wogula ayenera kuzidziwa asanatulutse ndalama. Pa katoni panali chithunzi cha madzi oundana akuphwanyika, koma nditayesa, injini inalira mochititsa mantha ndipo jagi inakandika mkati. Tsopano ndimasenda nthochi, kuzidula ndi kuziika mufiliji usiku, ndipo zimaziziritsa chakumwa popanda kuvutitsa makina. Ikagwira ntchito mopitirira mphindi imodzi osapuma imatentha n'kuyamba kununkha ngati waya wopsa, choncho pamafunika kuipumitsa. Chondikhumudwitsa kwambiri ndi kalabala kozungulira kamene kamatseka pansi pa jagi: kanayamba kudontha m'mwezi wachisanu chigulireni blendayi, ndipo nditabwerera kumene ndinagula anandiuza kuti sagulitsa kalabala pakokha, koma jagi yathunthu. Phokoso lake ndi loti anzanu oyandikana nawo nyumba amadziwa kuti mwadzuka. Za kuzimazima kwa malaiti si mlandu wa blenda, komabe aliyense amene anakhala m'Zambia chaka cha chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, adziwa kuti chipangizo chotere chimagwira ntchito pa nthawi ya magetsi, osati pa nthawi ya ludzu lanu.

Kachigayo kaja, kamene poyamba ndinkakaona ngati kongokometsera malonda, ndiko kandithandiza koposa. Mtedza wa Chalimbana wodzaza dzanja kamaupera kukhala nsinjiro m'kanthawi kochepa, ngakhale kuti mukapitiriza kwambiri mafuta amatuluka ndipo nsinjiro zimasanduka chiponde. Apongozi anga atabwera kuchokera ku Katete anaseka chakumwa cha mango, nati, "Mwana wanga, mango amafuna mano." Koma ataona nsinjiro za chibwabwa zapezeka popanda kugwira munsi, anakhala chete, ndipo mawa lake anandipempha kuti ndiwaperere zopita nazo kumudzi.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti blendayi idzanditsegulitsa katoni imene inakhala pamwamba pa wadiropu zaka zambiri. Munali magazini akale a ku South Africa ndi ku Britain amene ndinkagula kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu, masamba ong'amba m'manyuzipepala, ndi timapepala tolembapo maphikidwe timene ndinkatola kumaphwando a akwati. Ndinkadziuza kuti tsiku lina ndidzaphika zonsezo. Nditaitsitsa kuti ndifufuze za zakumwa za zipatso, ndinapeza kuti mphemvu zinaikiramo mazira, masamba ena anamatana ndi chinyezi cha m'dzinja, ndipo pakona pamodzi chiswe chinali chitayamba kale ntchito. Ndinakhala pamkeka Loweruka lonse ndikuwerenga chimodzichimodzi, blenda ili patebulo, ndikudzifunsa funso limodzi lokha pa pepala lililonse: kodi zofunikira zake ndingazipeze ku Kapata ndi ndalama imene ndimapita nayo kumsika?

Ambiri mwa maphikidwewo analephera funso limeneli. Ankafuna mabulosi a kumaiko ozizira, mkaka wopangidwa ndi mtedza wa amondi, madzi oundana odzaza kapu, ndi miyeso ya maaunsi imene m'khitchini mwanga mulibe choyezera chake. Magazini a ku Britain analinso ndi vuto la nyengo, chifukwa zakumwa zawo zoziziritsa kukhosi amazilemba m'miyezi ya June ndi July, pamene ife kuno tikuotha mbaula titavala majuzi. Pa mulu wonsewo ndinasunga mapepala 14 okha, ndipo pakati pawo panali kalata ya malemu amayi anga yofotokoza kaphikidwe ka chikondamoyo, imene ndinkaganiza kuti inatayika kalekale. Imeneyo ndinaiika m'pulasitiki pamodzi ndi ziphaso za ana. Enawo ndinawakopera m'kope lachikuto cholimba, ndikusintha miyeso kukhala makapu ndi masipuni, ndi kulemba pambali dzina la chipatso chakwathu cholowa m'malo mwa chachilendo. Magazini osaonongeka ndinapatsa mphunzitsi wina wa sukulu ya mkaka kuti ana azidulamo zithunzi, ndipo otsalawo ndinatentha, ngakhale kuti mapepala onyezimira aja amayaka monyinyirika ndi utsi wambiri. Madzulo ake ndinachitanso chimodzimodzi pafoni, mmene munali zithunzi za maphikidwe zimene ndinkasunga kuchokera pa Facebook ndi WhatsApp osaziyang'ananso.

Kwa banja la anthu anayi kapena asanu lofuna zakumwa za nthochi, papaya, mapeyala ndi malambe, komanso nsinjiro zamsanga, blenda ya mphamvu imeneyi ndi yokwanira, ndipo pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 3. Ndachotsa imodzi chifukwa cha kalabala kosowa kogula, ina chifukwa cha chithunzi cha madzi oundana chimene chimalonjeza zimene makinawo sangathe. Amene akufuna kupanga zakumwa zogulitsa afunefune ya injini yamphamvu ndi jagi yagalasi, ndipo asanalipire afunse ngati timalabala topatula tilipo. Ine pakali pano ndimaika mbale pansi pa jagi kuti iwakhe zodontha, ndipo masau a ku chigwa cha Luangwa angoyamba kufika pamsika. Ndikufuna kuyesa kuwaviika monga ndimachitira malambe, ndipo tsamba lake m'kope lija ndalisiya kale.