Kasukulu ka pulayiveti ka ku Chawama, ndakapatsa 3 pa 5

Amene mumafunsa za tisukulu ta pulayiveti ta mukomboni, nayi ndemanga yanga ya kamodzi ka kuno ku Chawama, ku Lusaka, komwe mwana wanga wa Giredi 4 akuphunzira, dzina lake sinditchula.

Chabwino chake chachikulu n'choti kope limachongedwa. Mwana akaweruka ndikatsegula ndimapeza bolopeni yofiira yadutsamo, pena amadamu alemba m'munsi kuti masamu awa abwerezenso kunyumba. Ku sukulu ya boma komwe anali, kope linkatha sabata yonse osaonedwa, koma aticha aja sindiwada ayi, chifukwa kuyambira Januwale 2022 pomwe boma la a Hichilema linachotsa mafizi ndi ndalama za PTA ana anabwerera mwaunyinji, kalasi kudzaza mpaka pakhomo, desiki imodzi anayi, ndiye munthu mmodzi angachonge makope onsewo nthawi yanji? Timamva kuti ku Japan akutseka masukulu chifukwa ana kulibe, kuno ofunika kuwonjezera ndi makalasi.

Manje zoipa zake. Aticha sakhalitsa. Boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 mu 2022 ndipo silinasiye kulemba, ndiye aliyense wa pepala la ku koleji ali pano akungodikira dzina lake lituluke, teremu isanathe mumva mwana akuti tili ndi amadamu ena, atsopanowo ayambirenso kuphunzira mayina a ana. Komanso maphunziro aulere aja analanda tisukulu ta pulayiveti ana ambiri, makolo anathawa mafizi, moti eni sukulu akufinya ife otsala. Lero ya choko, mawa ya tisu, mkucha ya kompyuta pomwe kompyuta zake ndi ziwiri chabe, ina siyaka n'komwe. Bwalo losewerera palibe, ndi nyumba yogona yomwe anaidula makalasi, mvula ikagwa madzi amafika pageti.

Musanalipire funsani ahedi akuonetseni pepala loti analembetsa ku unduna wa zamaphunziro, mufunsenso ngati ana amalemba mayeso a ECZ, bungwe loona za mayeso mu Zambia, pompo kapena amawatumiza kwina, chifukwa kumeneko kumatuluka kandalama kena. Wanu akakhala wa Giredi 1 muonenso ndi maso anu mabuku a silabasi yatsopano yomwe inayamba mu 2025, osangomva zoti ali m'njira.