Sawtooth oak wanga patatha zaka 9: mthunzi ulipo, koma njere zandilemetsa

Mu Novembala 2016 ndinadzala mitengo iwiri ya sawtooth oak pakhomo pathu, kunja kwa mzinda wa Atlanta ku Georgia, m'dziko la America. Itatha chaka chimodzi ndinalemba kuti yagwira bwino m'dothi lofiira la kuno, lofanana ndi katondo wa kwathu, ndipo ndinalimbikitsa aliyense wofuna mthunzi wamsangamsanga kuti agule. Lero mawu amenewo ndikufuna ndiwakonze, chifukwa panthawiyo mitengoyo inali isanayambe kubereka.

Kwa amene sakuudziwa, uwu ndi mtundu wina wa mtengo umene m'Baibulo timautchula kuti thundu. Kwawo ndi ku China, Korea ndi Japan, ndipo dzina lake la sayansi ndi Quercus acutissima. Masamba ake ndi aatali, owala, ndipo m'mbali mwake muli timano tosongoka ngati ta sowo.

Pa nkhani ya kukula sindingauneneze. Ndinagula mbande zondilekeza pachifuwa, koma lero mitengoyo yapitirira denga. Ndinaithirira chaka choyamba ndi chachiwiri basi. Feteleza sindinathirepo, tizilombo sitinaivutitsepo. Kutentha kwa mu Julayi kuno n'kwachinyontho, komata thukuta ngati ku Nsanje, koma chipinda chochezera chimene dzuwa lamadzulo linkachiwotcha tsopano n'chozizira bwino. Chakumapeto kwa Malichi imatulutsa maluwa achikasu olendewera ngati ngayaye za chimanga, okongola kwambiri kwa sabata imodzi kapena ziwiri.

Vuto linayamba m'chaka chachisanu ndi chiwiri. Mitundu yambiri ya thundu ya kuno ku America imadikira zaka 20 kapena kuposerapo isanabereke mokwanira, koma uwu suchedwa. Njere yake imatenga pafupifupi chaka ndi theka kuti ikhwime: maluwa a chaka chino ndiwo amagwetsa njere mu Sepitembala wa chaka chamawa. Njereyo ndi yaikulu ngati nsonga ya chala chachikulu, ndipo imavala kachipewa ka manyenje opindikira kunja, kooneka ngati kachisa ka mbalame. Mukatola imodzi n'kuiyang'ana m'manja mumaikonda. Koma zikayamba kugwa, zimagwa ngati matalala. Mtengo umodzi ndinaudzala mamita anayi okha kuchokera poimika galimoto, ndiye usiku timamva phokoso la njere zikumenya pamwamba pa galimoto mpaka mbandakucha. Mu Sepitembala wapitayu ndinawola ndowa 23 pansi pa mtengo umenewu wokha. Reki sizigwira bwino, makina otchetchera kapinga amazilavula ngati miyala ya legeni, ndipo mayi a kunyumba anaterereka nazo akutsitsa katundu, bondo linatupa sabata yathunthu. Apa m'pamene mtima unandipweteka, poti malowo ndinasankha ndine.

Nyama ndiye zimasangalala. Agologolo sachoka pabwalo, agwape amabwera m'mamawa kuchokera m'kankhalango ka kuseri. N'chifukwa chake alenje a kuno amaukonda kwambiri mtengowu, ndipo palinso mtundu wake wotchedwa Gobbler, wa njere zing'onozing'ono zoti nkhukundembo za m'tchire zizimeza mosavuta. Koma gologolo sadya zonse. Zina amakwirira n'kuiwala. Ikafika Epulo timitengo timamera paliponse: m'bedi la maluwa, m'dimba la mpiru, m'mphepete mwa mpanda wa aneba. Kamtengo kotalika ngati chikhatho kamakhala katazika kale muzu wautali, ndipo mukachedwa kukazula kamadukira m'nthaka n'kuphukanso. Chimene chandidetsa nkhawa zedi n'chakuti chaka chino ndinapeza tinayi tamera m'kankhalango kaja, pakati pa mitengo yachilengedwe. Ku Wisconsin, chigawo china cha America, boma linaletseratu kudzala mtengowu, ndipo m'madera angapo a kum'mwera chakum'mawa kwa dzikoli amauwerengera m'gulu la zomera zachilendo zolanda malo. Ife a ku Malawi tikudziwa zimene namasupuni anachita mu mtsinje wa Shire. Sindikufuna kuti pakhomo panga pakhale poyambira zotere.

Masamba nawonso ali ndi khalidwe lake. Mu Novembala amasanduka achikasu, kenako ofiirira, koma ambiri sagwa. Amakangamira pa nthambi nyengo yonse yachisanu, n'kumayoyoka pang'onopang'ono mpaka atsopano atayamba kutuluka. Ena amakonda zimenezi poti zimatchinga maso a anthu odutsa. Kwa ine zikutanthauza kusesa kuyambira Disembala mpaka Malichi.

Kumene unachokera mtengowu, zimene ine ndikuziona ngati chipsinjo ndi chuma. Ku Korea njerezi amaziviika m'madzi kuti kuwawa kuchoke, n'kupera ufa wophikira chakudya chotchedwa dotori-muk. Ku Japan amautcha kunugi. Zipika zake amalimapo bowa wa shiitake, ndiponso amawotcha makala apamwamba ogwiritsa ntchito pa mwambo wa tiyi. Kumeneko amaudula ukadali wamng'ono, chitsa n'kuphukanso. Ndi mtengo wa m'munda ndi m'nkhalango yosamalidwa, osati wa pakhonde.

Ndiye amene muli ndi malo aakulu, kutali ndi nkhalango yachilengedwe, ndipo mungathe kuusiya mamita 12 kapena kuposa kuchokera panyumba ndi pagalimoto, udzakupatsani mthunzi mwachangu. Amene muli ndi kabwalo kakang'ono ngati kathu, funsani willow oak kapena white oak, mitundu ya thundu ya konkuno. White oak imachedwa, koma willow oak imakula bwino ndithu ndipo njere zake n'zazing'ono.

Ife tagwirizana kuti wa pagalimoto uja tiudule mu Januwale, madzi asanakwere m'thunthu. Nthambi zonenepa ngati mkono ndidzazidula zipika za mita imodzi, ndiyese kulimapo shiitake kuseri kwa nyumba. Wachiwiri, umene umatchinga dzuwa kuchipinda chochezera, ukhala kaye mpaka willow oak amene ndadzala mwezi watha atakula, ndipo Epulo aliyense ndizilowa m'kankhalango kaja ndi khasu.