Okosijeni wa khanda lobadwa masiku asanakwane: 85-89% kapena 91-95%?

Khanda likabadwa masabata 32 asanakwane, kapena losafika magalamu 1,500, mitsempha ya magazi m'kati mwa diso imakhala isanamalize kukula. Okosijeni akachuluka imasiya kukula, kenako imamera mosokonezeka n'kukoka retina (kachikopa ka m'kati mwa diso kolandira kuwala) mpaka kumatuka.

Mlingo wa 85-89% m'magazi umachepetsa vutoli, koma makanda omwalira ndi owola matumbo amachuluka. Pa 91-95% opulumuka amachuluka, ngakhale chiopsezo cha maso chimakwera. Sankhani 91-95%, chifukwa diso limathandizika ndi leza (kuwala kwamphamvu kochitira opaleshoni) likapimidwa msanga, pakangotha masabata anayi chibadwire.

Choopsa kuposa zonsezi ndi okosijeni wongotsegula, kachipangizo kopimira kakaphazi katavuka, alamu atazimitsidwa, mlingo n'kukhala pa 99% usiku wonse.