Mano a baketi a J350, osongoka ndi wamba: ndemanga ya mlimi wa ku Kasungu

Ndawapatsa nyenyezi 4 pa 5. Awa ndi mano a mtundu wa J350, olowa pa baketi ya Cat 320, ekisikaveta (makina okumbira) ya matani pafupifupi 20. Si a Caterpillar enieni, ndi ofanizira chabe, ndipo ndinawagula pa shopu ina ya masipeya ku Lilongwe. Agwira ntchito chilimwe chonse pa famu pathu: kuzula zitsa za bulugama zomwe anasiya olima fodya, kugumula zulu, komanso kukumba dziwe la nsomba kudambo.

Ndinatenga mitundu iwiri. Woyamba ndi mano wamba, nambala yake 1U3352, ophwatalala kunsonga. Wachiwiri ndi osongoka aja amawatcha tiger, omwe nambala yake imathera ndi TL. Baketi yathu ili ndi mano asanu, ndiye opareta, woyendetsa makinawo, anati tiike osongoka awiri m'mbali, wamba atatu pakati. Nzeru imeneyi ndi imene yatipindulira kuposa china chilichonse.

Amene munalimapo pa katondo mukudziwa mmene dothi limeneli limaumira mu Okutobala, limachita kukhala ngati konkire. Ndi mano wamba okhaokha baketi inkangopala pamwamba, injini ikulira, dizilo akupita. Titaika osongoka m'mbali, iwo ankayamba kuboola ndi kung'amba, wamba aja n'kumatola zimene zaphwanyika. Pa chulu ndiye munachita kuoneka kusiyana: zibuma zikuluzikulu zinkagumuka kamodzi, osati kuchita kukanda pang'onopang'ono. Dizilo mmene akuvutira masiku ano, baketi yolowa msanga m'nthaka ndi ndalama.

Pa zitsa pamafunika munthu wodekha. Dzino losongoka ndi lopyapyala kunsonga, silifuna kupotokoledwa. Opareta akalilowetsa pansi pa chitsa n'kuyamba kutembenuza makina cham'mbali kuti achitukule, nsonga ija imathyoka, ngakhale litakhala la kampani yotchuka chotani. Wathuyu amakumba kuzungulira chitsa, kudula mizu umodziumodzi, kenako n'kuchikankha ndi baketi yonse. Mwa njira imeneyi palibe dzino lomwe lathyoka, ngakhale zitsa zina za bulugama zinali zoti munthu mmodzi sangazikumbatire.

Kudambo nkhani inatembenuka. Dothi lamakande n'lofewa likanyowa, silifuna kubooledwa, ndipo mano osongoka ankangosiya mizere yakuya pansi pa dziwe. Pansi pa dziwe pamafunika posalala, potsendereka bwino, kuti madzi asamathawe. Tinawachotsa n'kubwezera wamba onse asanu. Pomalizitsa, wowotcherera anatiikira chitsulo chafulati chopingasa pa mano akale otha, n'kusalazira nacho pansi ndi m'makoma. Ngati ntchito yanu ndi maiwe ndi ngalande za m'dimba basi, musataye ndalama ndi tiger. Funsani mano otambalala aja amati flare, kapena baketi yopanda mano.

Nanga kutha kwake? Osongoka amatha msanga, palibe chobisa, chifukwa chitsulo chake n'chochepa. Mbali ina ya munda wathu ili ndi miyala ya nsangalabwi, ndipo mwala umenewu umadya chitsulo koopsa. Kumeneko nsonga zinabuntha tikuona, pomwe wamba anali akadali ndi moyo. Mano a m'mbali amathanso msanga kuposa apakati, choncho ukaika a mtundu umodzi ndi bwino kumawasinthanitsa malo, enanso amalola kuwatembenuza chapansi kukhala chapamwamba. Musadikire kuti dzino libooke mpaka mphuno ya adaputa, chitsulo chomwe dzinolo limavalapo, ionekere. Dzino umalisintha ndi hamala pompo m'munda, koma adaputa ndi yowotcherera ku baketi, imafuna wowotcherera, jenereta ndi tsiku lonse makina ali chiimire. Ena amadzaza mano otha ndi ndodo zowotcherera. Ine sindichita nawo zimenezo, kutentha kumafooketsa chitsulo choti anachikhwimitsa kale ku fakitale.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha mapini. Mano a mtundu wa J, monga J350 awa, amagwidwa ndi pini yolowera m'mbali ndi kawashala kotsekera komwe kamakhala m'kati. Mapini amene anandigulitsa pamodzi ndi manowa anali osakhwima bwino, ndipo dzino limodzi linayamba kugwedera ntchito isanapite patali. Dzino logwedera limalowetsa mchenga, mchengawo n'kumapera adaputa mwakachetechete. Choopsa china, likagwera m'munda osalipeza, lidzakumana ndi khasu la thirakitala kapena tayala nthawi yolima. Ndinakagula mapini ena kwina, vutolo linatha. Kawashala kaja musamabwezere kakale, n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi zimene kamateteza. Pokhoma pini, baketi ikhale pansi, injini yozimitsa, ndipo okhomayo avale magalasi, chifukwa tizidutswa ta chitsulo timathetheka.

Ndingagulenso? Eya, koma osongoka awiri okha pa wamba asanu alionse, poti ntchito yambiri ya pa famu ndi dothi, osati thanthwe. Amene muli ndi miyala yeniyeni funsani mano a RC, okhuthala aja opangidwira miyala, ngakhale amalemera ndipo salowa msanga m'nthaka ngati osongoka.

Popita ku shopu musangonena kuti "mano a 20 tani". Mano a Komatsu PC200 amaoneka ofanana ndi awa ukawaonera patali, koma salowa pa adaputa ya J350. A JCB 3CX ndiye ndi ena ndithu, ambiri amamangidwa ndi mabawuti. Nyamulani dzino lakale ndi pini yake m'thumba, mukayerekeze pa kauntala musanapereke ndalama, chifukwa ulendo wa Kasungu ndi Lilongwe si woti munthu aubwereze chifukwa cha bowo la pini losalingana.